Screed yauma liti? Kukonza pansi tisanayale matailosi, vinyl ndi laminate

Womanga Koyamba:
Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndipo ndikupempha amisiri ndi ena onse amene anadutsamo kale kuti mundithandize. Papita masabata atatu chithirireni screed (phala lothira pamwamba pa konkire kuti pansi pasalale) m'nyumba yomwe ndikumanga. Ndi screed ya simenti ndi mchenga, yokhuthala pafupifupi mamilimita 50, ndipo konkire wapansi pake anathiridwa miyezi inayi yapitayo. Ndikufuna kuyala matailosi kukhitchini ndi kubafa, vinyl (choyala pansi chopyapyala cha pulasitiki) m'zipinda zogona, komanso laminate (timatabwa topyapyala tolumikizana) pabalaza. Mmisiri wanga akuti pansi pauma chifukwa payera ndipo munthu akapondapo sipatsala chizindikiro, choncho akufuna kuti tiyambe sabata yamawa. Mtima wanga ukukana, koma ndilibe mfundo yomuyankhira. Kodi pali njira yodziwira kuti pauma kwenikweni, nanga ndi ziti zina zimene ndiyenera kuchita tisanatsegule katoni yoyamba?

Mmisiri wa Matailosi:
Mwachita bwino kufunsa musanayambe, bambo, chifukwa ambiri amabwera pano zinthu zitawonongeka kale. Kuyera kwa pamwamba sikusonyeza kuti mkati mwauma. Screed imauma kuchokera pamwamba kupita pansi, ndipo chikopa chapamwambacho chimayera m'masiku ochepa pomwe madzi akadali ambiri mkati. Mawerengedwe amene amisiri timayendera ndi akuti screed ya simenti ndi mchenga imafuna tsiku limodzi pa milimita iliyonse kufikira mamilimita 40 kapena 50, ndipo ikakhuthala kuposa pamenepo nthawi imachuluka kwambiri pa milimita iliyonse yowonjezera. Mawerengedwe amenewa amagwira ntchito m'nyumba yotentha pafupifupi madigiri 20 mmene mpweya ukuyenda bwino. Inu muli pa tsiku la 21 ndi screed ya mamilimita 50, kutanthauza kuti simunafike ngakhale pakati.

Komabe zoyala zanu zitatuzo sizifanana. Matailosi omatidwa ndi zomatira za simenti amapirira chinyezi kuposa zinazo, ndipo malangizo a ku Britain amalola kuwayala pa screed yomwe yakwanitsa masabata atatu ndi pa konkire amene wakwanitsa masabata 6. Nthawi imeneyi cholinga chake chachikulu n'chakuti simenti amalize mbali yaikulu ya kukhwinyata kwake, popeza tailosi imene yamatidwa pamalo amene akukhwinyatabe imasweka kapena kutukuka. Vinyl ndi laminate ndi nkhani ina, ndipo ndikukupemphani kuti zimenezo musazikhudze sabata yamawa.

Mayi wa Chipinda Chapamwamba:
Achimwene, mverani amisiriwa. Ine ndinachita changu chomwechi zaka zinayi zapitazo chifukwa ndinkafunitsitsa kulowa m'nyumba yanga. Amene anandiyalira laminate anandiuza mawu ofanana ndi amene mwauzidwa inuwa, akuti pansi payera ndiye pauma. Patangotha miyezi itatu, m'mphepete mwa matabwa munayamba kufufuma, polumikizira panatukuka, ndipo pabalaza panayamba kumveka fungo la nkhungu lomwe silinkatha ngakhale nditsegule mazenera tsiku lonse. Titanyamula thabwa limodzi tinapeza kunsi kwake kwada bii, ndipo kansalu kofewa kamene amayala pansi pa laminate kanali konyowa moti kankafinyika. Mkati mwa laminate muli ufa wa mitengo wopanikizidwa, ndipo ukangomwa madzi n'kufufuma subwereranso mwakale ngakhale utauma. Zonse zinatayidwa, ndipo chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndikanangodikira milungu ingapo sindikanagula kawiri.

Wophunzira Zomangamanga:
Ndikupempha kuwonjezerapo, akuluakulu, ndipo mundikonze ngati ndalakwitsa. Kusukulu tinaphunzira njira yosavuta imene aliyense angachite. Mumadula pepala la pulasitiki looneka mkati la masentimita 45 mbali zonse, n'kulimata pansi ndi tepi m'mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe, kenako mumalisiya kwa maola osachepera 16. Mukalichotsa n'kupeza timadontho kunsi kwake, kapena malo amene linali ada kuposa pozungulira, ndiye kuti chinyezi chikadalipo. Mukapeza pouma, ndikuganiza kuti mukhoza kuyala.

Injiniya Wopuma:
Mwanawe, theka loyamba la mawu ako ndi loona, koma chiganizo chako chomaliza n'chimene chawonongetsa ndalama za anthu ambiri. Njira ya pulasitikiyo ndi yodziwika, ndipo inalembedwa mu muyezo wa ASTM D4263. Ikaonetsa madontho, yanena zoona kuti pansi n'ponyowa. Ikapanda kuonetsa kanthu, sinakuuze kuti pansi pauma, yangokuuza kuti pa maola amenewo chinyezi sichinachite mame pansi pa pepala. Mame amadalira kutentha kwa pansi ndi kwa mpweya, choncho screed yonyowa ikhoza kusiya pepala louma tsiku lina n'kulinyowetsa tsiku lotsatira. Ndi njira yabwino yodziletsera kuyala, koma si chilolezo choyalira.

Chimene chimachitika tikaphimba pansi n'chofunika kuchimvetsa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pansi pakakhala posaphimba, pamwamba pamakhala pouma ndipo chinyezi chimachulukirachulukira tikamatsika. Tsiku limene mwayala vinyl, nthunzi ilibenso potulukira, ndipo chinyezi chamkati chija chimakwera mpaka chitafalikira mofanana kuchokera pansi kufika pamwamba. Pamwamba pamene panali pouma pa tsiku loyala pamanyowanso patapita masabata angapo. Madzi amenewa sabwera okha, amatenga ukali wa simenti, popeza konkire watsopano amakhala ndi pH (muyezo wa ukali) ya pakati pa 12 ndi 13, ndipo ukali umenewu umaphwanya guluu wambiri mpaka amasanduka phala loterera. Pamenepo vinyl imachita matuza ndi kumatuka.

N'chifukwa chake miyezo yodalirika imayesa chinyezi chimene pansi padzakhale nacho pataphimbidwa. Njira ina ndi ya kabokosi kamene kali ndi hygrometer (chipangizo choyesera chinyezi cha mumpweya) mkati, komwe amakamata pansi mosalola mpweya kulowa n'kukasiya masiku angapo mpaka nambala itasiya kusintha. Ku Britain, muyezo wa BS 8203 umafuna kuti nambalayo isapitirire 75 peresenti musanayale zinthu ngati vinyl, ndipo opanga matabwa ambiri amafuna yotsika kuposa pamenepo, nthawi zambiri 65 peresenti. Njira ya ku America ya ASTM F2170 ndi yoboola bowo lofika 40 peresenti ya kukhuthala kwa konkire amene akuuma mbali imodzi, n'kuikamo kachipangizo koyesera. Ku Germany ndi maiko oyandikana nawo amakonda njira ya carbide, yomwe amakumba kachidutswa ka screed, n'kukaphwanya, n'kukatsekera m'botolo lachitsulo pamodzi ndi calcium carbide. Madzi akakumana ndi carbide amatulutsa mpweya wa acetylene, ndipo mphamvu ya mpweyawo ndiyo imasonyeza kuchuluka kwa madzi. Malire ake pa screed ya simenti ndi 2.0 peresenti. Timakina tam'manja togunditsa pansi timathandiza kupeza malo onyowa kwambiri, koma timangowerenga pafupi ndi pamwamba, choncho tigwiritseni ntchito posankha pamene muyesere, osati pogamula mlandu.

Wophunzira Zomangamanga:
Zikomo kwambiri, bambo, ndamva kusiyana kwake. Ndinkaona ngati pepala louma ndi yankho lokwanira, ndipo sindinkadziwa kuti chinyezi chimakweranso pansi pakaphimbidwa.

Womanga Koyamba:
Ndathokoza nonse. A Injiniya, mawu anu andipatsa funso lina. Ngati vuto ndi nthawi, kodi sindingathe kufulumizitsa poika mafani ndi zotenthetsera m'zipinda? Ndikuvomerezanso kuti sindikudziwa ngati anayala pulasitiki pansi pa konkire asanathire, chifukwa tsiku limenelo sindinalipo.

Injiniya Wopuma:
Funso lachiwirilo ndi lalikulu kuposa loyamba, bambo, ndipo mufunse mmisiri wanu lero lomwe. Konkire amene wakhala padothi amayamwa chinyontho cha m'nthaka kudzera m'timabowo take tosaoneka ndi maso, monga mmene chingwe cha nyale chimakokera mafuta. Pulasitiki wokhuthala, amene ambiri amagwiritsa ntchito wa mamilimita 0.3, ndiye amadula njira imeneyi, pokhapokha ngati anasanjikizidwa bwino polumikizira ndipo sanabooledwe ndi miyala kapena zitsulo. Ngati pulasitikiyo mulibe, madzi amene mukulimbana nawo si a mu simenti okha omwe amatha pakapita nthawi, koma ndi a m'nthaka omwe sadzatha, ndipo mukhoza kudikira chaka chathunthu pansi osauma mokwanira. Zikatero, njira yake ndi kupaka mankhwala otchinga chinyezi pamwamba, monga a epoxy, amene kawirikawiri amapakidwa kawiri, kachiwiri modutsana ndi koyamba kuti pasatsale timabowo. Muwerenge bwino pepala la opanga, chifukwa mankhwala ena anapangidwira chinyezi chotsalira cha kumanga kokha ndipo saloledwa pamalo opanda pulasitiki pansi.

Kumbukiraninso kuti konkire wanu wa miyezi inayi mwina anali asanaume pamene munamuphimba ndi screed. Konkire wokhuthala mamilimita 150 amene akuuma mbali imodzi akhoza kutenga pafupifupi chaka. Ngati pakati pa konkire ndi screed palibe chotchinga, ziwirizi zikuuma ngati chinthu chimodzi chokhuthala, ndipo mawerengedwe a masiku 50 aja akuchepa.

Pa za kufulumizitsa, pano masabata atatu adutsa, choncho mukhoza kuthandizira. Masiku 7 oyamba screed imafunika kuphimbidwa kuti isataye madzi, popeza simenti amalimba chifukwa chogwirizana ndi madzi, osati chifukwa chouma. Nthawi imeneyo ikatha, tsegulani mazenera kukakhala kouma kunja, chotsani katundu yense amene mwaunjika pansi, ndipo ngati mungapeze makina oyamwa chinyezi mumpweya, tsekani mazenera pamene akugwira ntchito. Musalozetse chotenthetsera champhamvu pamalo amodzi, chifukwa pamwamba pakauma mothamanga kuposa pansi screed imang'aluka ndi kupindika m'mphepete. Zotenthetsera zoyaka ndi gasi kapena parafini ndiye zopewa ndithu, popeza moto wake umatulutsa nthunzi ya madzi m'chipinda chomwe mukufuna kuumitsacho.

Woyala Vinyl ndi Kapeti:
Nkhani ya chinyezi yakambidwa mokwanira, koma ndikuona kuti tikuiwala zimene ine ndimakumana nazo tsiku ndi tsiku. Pansi pouma pakhoza kukhalabe posayenera kuyalapo. Bambo, pamene mukudikira, gwirani ntchito izi. Tengani nyundo yaing'ono kapena ndodo yachitsulo mugogode chipinda chonse pang'onopang'ono. Pamene screed yagwirana bwino ndi konkire pamamveka mawu olimba, ndipo pamene yalekana pamalira ngati ng'oma. Lembani malo amenewo ndi choko, makamaka m'makona ndi m'mbali mwa ming'alu, chifukwa ndi mmene kulekana kumayambira. Kenako kandani pamwamba ndi msomali mizere yodutsana. Ngati msomali ukulowa mosavuta ndipo mchenga ukuyoyoka, screed ndi yofooka, mwina simenti anachepa kapena sanaitsendere bwino. Kasakanizidwe kozolowereka ndi gawo limodzi la simenti pa magawo atatu kapena anayi a mchenga. Pa nyumba zikuluzikulu amayesa ndi chipangizo chimene chimagwetsa chitsulo cha makilogalamu anayi kuchokera pamtunda wa mita imodzi, kanayi pamalo amodzi, n'kuyeza kuzama kwa chibowo chimene chatsala, koma panyumba msomali ndi khutu zimakuuzani zambiri.

Mukatha pamenepo, pezani chitsulo chowongoka cha mamita awiri muchigoneke pansi m'malo osiyanasiyana, motalika, mopingasa ndi mopendekera, n'kuyeza mpata umene ukutsala kunsi kwake. Muyezo wa ku Britain umagawa kusalala m'magulu atatu: mpata wosapitirira mamilimita 3, wosapitirira 5, ndi wosapitirira 10. Pa vinyl, laminate ndi matailosi akuluakulu, funani gulu loyambalo. Vinyl ndi yopyapyala moti patapita miyezi ingapo imaonetsa chilichonse chimene chili kunsi kwake, ngakhale kanjere ka mchenga kapena mzere wa chipande cha mmisiri, makamaka dzuwa likamalowa pazenera chammbali. Laminate ikakhala pamwamba pa kadzenje imanyutuka munthu akaponda, ndipo timano tolumikizira matabwa timathyoka.

Mmisiri wa Matailosi:
Ndikugwirizana nazo zonsezo, ndipo ndiwonjezere chimodzi chimene anzanga ena amachita molakwika, chomwe ndi kudzaza maenje ndi zomatira matailosi pa nthawi yoyala. Zomatira zili ndi malire a kukhuthala amene analembedwa pathumba, ndipo zikapitirira zimakhwinyata pouma n'kukoka tailosi. Salazani kaye pansi, kenako muyale.

Palinso kachikopa kofooka kamene kamapangika pamwamba pa konkire kapena screed madzi akachuluka kapena mmisiri akasalaza mopitiriza. Ndi ufa wosalala wa simenti umene umayandama ndi madzi n'kuuma pamwamba, ndipo umaoneka wokongola koma sunagwirane ndi za pansi pake. Mukamatapo, guluu amagwira kachikopako mwamphamvu, koma kachikopako n'komwe kamasiyana ndi screed, ndipo tailosi imatuluka ndi fumbi loyera kumsana kwake. Kachikopa kameneka kayenera kupalidwa ndi makina mpaka mchenga wa mkati uyambe kuoneka. Chimodzimodzinso madontho a penti, pulasitala, mafuta ndi mankhwala amene ena amapopera pa konkire kuti asaume msanga. Dontheza madzi pang'ono pansi kuti muone. Akamwereredwa m'kanthawi kochepa, pansi pakuyamwa bwino. Akangokhala ngati mkanda kwa nthawi yaitali, pali chinachake chimene chatseka pamwamba, ndipo guluu nayenso sadzalowa.

Namwino Wokonda Zomanga:
Pepani kuti ndidule pang'ono, koma popeza mwatchula zopala ndi makina, sindingakhale chete. Fumbi la konkire lili ndi silica, ndipo tinthu take tating'onoting'ono tikalowa m'mapapo timasiya zipsera zimene sizipola. Matendawa amatchedwa silicosis ndipo alibe mankhwala ochiritsa. Kansalu wamba kophimba mphuno sikokwanira. Gwiritsani ntchito makina olumikizidwa ku choyamwira fumbi kapena opala ndi madzi, ndipo valani chophimba cha mtundu wa FFP3 kapena china chofanana nacho chimene chikugwira bwino kumaso. Musasese fumbi louma ndi tsache. Kwa ena amene akuwerenga ndipo akukonza nyumba yakale, matailosi ena akale a vinyl ndi guluu wakuda wa phula amene ankawamatira akhoza kukhala ndi asibesitosi, amene fumbi lake ndi loopsa kumapapo, choncho musawapale kapena kuwaphwanya musanawayezetse.

Wophunzira Zomangamanga:
Ndili ndi funso kwa amisiri. Nanga ming'alu timaichita bwanji? Kodi simenti wodzisalaza yekha uja sangaitseke yonse nthawi imodzi?

Woyala Vinyl ndi Kapeti:
Ayi, achimwene, ndipo dzina lakelo limanamiza anthu. Ming'alu ili mitundu iwiri. Ina inabwera chifukwa cha kukhwinyata pouma ndipo inasiya kuyenda. Imeneyi timaikuza pang'ono ndi makina odulira, n'kudulanso timipata topingasa motalikirana, n'kuikamo tizitsulo, kenako timathira utomoni wa epoxy ndi kuwaza mchenga wouma pamwamba utomoniwo usanaume kuti zobwera pambuyo zipeze pogwira. Ina ikuyendabe, makamaka ngati mbali imodzi yakwera kuposa inzake, ndipo imeneyo ikusonyeza vuto la pansi pa konkire limene liyenera kuonedwa ndi injiniya. Mipata imene omanga anaisiya dala kuti nyumba izitha kufutukuka ndi kukhwinyata siyenera kutsekedwa konse. Imapitirizidwa mpaka pamwamba pa matailosi n'kudzazidwa ndi zinthu zofewa.

Simenti wodzisalaza amafuna kukonzekera kuposa mmene anthu amaganizira. Pansi pakhale poyamwidwa fumbi lonse, ndipo mupake primer yoyenera, yomwe ndi mankhwala amadzimadzi opaka poyamba kuti zothira pamwamba zigwire bwino. Popanda primer, screed imamwa madzi a simentiyo asanafalikire, ndipo mpweya wotuluka m'timabowo umasiya timaenje ngati tobooledwa ndi singano. Yezani madzi ndi chikho cholembedwa malita monga mmene thumba lanenera. Kuwonjezera madzi kuti aziyenda bwino kumachititsa mchenga kumira pansi ndipo pamwamba pamatsala pofooka. Nthawi yogwirira ntchito ndi yochepa, kawirikawiri mphindi 20 mpaka 30, choncho pakhale anthu awiri, wina wosakaniza wina wothira ndi kufalitsa, kenako muyendetsepo chogudubuza chaminga kuti mpweya utuluke. Dziwaninso kuti simenti ameneyu satchinga chinyezi.

Injiniya Wopuma:
Ndiwonjezere chenjezo kwa amene screed yawo si ya simenti. Ilipo ina yothira ngati madzi yopangidwa ndi calcium sulphate, yomwe imatchedwa anhydrite. Imeneyi imafuna kuuma kwambiri, mpaka 0.5 peresenti pa njira ya carbide, ndipo zomatira za simenti zikaikhudza mwachindunji pali chinyezi, pamapangika mchere wotchedwa ettringite umene umafufuma n'kulekanitsa ziwirizo. Iyenera kupalidwa pamwamba ndi kupakidwa primer yoyenera, kapena kugwiritsa ntchito zomatira zopangidwira iyo. Bambo wathuyu zimenezi sizikumukhudza, koma ndaonapo anthu akulakwitsa chifukwa chosafunsa mtundu wa screed imene anaipeza m'nyumba.

Womanga Koyamba:
Ndabweranso patatha masiku anayi kuti ndikuuzeni zimene ndapeza. Mmisiri wanga watsimikiza kuti pulasitiki anayalidwa pansi pa konkire, ndipo wandionetsa chithunzi cha tsikulo komanso m'mphepete mwake momwe mukuonekerabe kuseri kwa khoma. Mtima wanga watsika pa mbali imeneyo. Ndinamata mapepala a pulasitiki m'zipinda zinayi, ndipo m'zipinda zitatu ndinapeza pansi pada m'mawa mwake, pomwe chipinda chimodzi chinali ndi timadontho tooneka bwino. Mmisiri ataona yekha sanatsutsenso. Pogogoda ndapeza malo amodzi pakona ya pabalaza, aakulu ngati theka la chitseko, amene akulira ngati ng'oma ndipo ali ndi mng'alu wopyapyala m'mbali mwake. Chitsulo cha mamita awiri chaonetsa mpata wa mamilimita 7 pakati pa chipinda chachikulu chogona, pomwe kwina konse sikupitirira 4. Kodi pakona paja ndidule tsopano, kapena ndidikire kuti zonse ziume?

Mmisiri wa Matailosi:
Dulani tsopano, bambo, kuti chigambacho chiyambe kuuma limodzi ndi kwina. Lembani malire ndi choko mopitirira pang'ono pamene kulira kwathera, dulani molunjika ndi makina kuti m'mphepete mukhale mwachilili, chotsani zonse zolekana mpaka konkire aoneke, ndipo yamwani fumbi. Pakani phala lomatira la simenti ndi SBR (mankhwala amadzimadzi othandiza simenti kumata) pa konkire ndi m'mphepete, n'kuthira screed yatsopano phalalo likadali lonyowa, chifukwa likauma limasanduka cholekanitsa m'malo mwa chomatira. Mukagwiritsa ntchito matope okonzera ouma msanga, chigambacho sichidzatsalira m'mbuyo. Kukhitchini ndi kubafa mukhoza kuyamba matailosi mukatha kupala ndi kugogoda, koma musiye mpata wofewa m'mbali mwa makoma, ndipo pamalo osambira mupake zotchinga madzi matailosi asanaikidwe.

Woyala Vinyl ndi Kapeti:
Dzenje la mamilimita 7 lija lisiyeni kaye, chifukwa mukalithira tsopano mukhala mukuwonjezera chophimba pa screed imene ikuyesetsa kutulutsa madzi. Lilembeni ndi choko mozungulira. Pakatha masabata anayi kuchokera pano, bwerekani kapena itanani munthu amene ali ndi hygrometer, ndipo muyese m'chipinda chimene chinachita madontho chija, pakona yakutali ndi zenera. Nambala ikafika pamene opanga vinyl ndi laminate yanu analemba, palani, pakani primer, ndipo muthire simenti wosalazira m'zipinda zonse za vinyl mokhuthala mamilimita osachepera 3, osati padzenje pokha, kuti guluu adzapeze malo oyamwa mofanana. Laminate muilowetse pabalaza ili m'makatoni ake, ogonekedwa chafufumimba, maola 48 musanaiyale. Kunsi kwake muyale chotchinga nthunzi chomatidwa ndi tepi polumikizira, ndipo musiye mpata wa mamilimita 8 mpaka 10 kuzungulira makoma, mafelemu a zitseko ndi mapaipi.

Womanga Koyamba:
Ndalemba zonse, ndipo mawa m'mawa tiyamba ndi pakona paja. Makatoni a vinyl ndi laminate ndawachotsa pansi n'kuwasanjika pamatabwa m'chipinda chouma, ndipo ndidzabweretsa nambala za hygrometer pano ndikadzayesa mwezi wamawa.